Udzabwere Mkuja

Korona inatigwira tonse awiri mu Januwale 2021. Amuna anga, a Tobias, anamwalira tsiku lachisanu ndi chinayi. Ine ndinatsala, koma sindinatsale yense. Mpaka lero ndikasesa bwalo lonse, mawa lake miyendo imakhala ngati ya munthu wina, mkuja wake sindidzuka. Kuchipatala anayeza malungo, shuga, magazi, zonse zili bwinobwino. Namwino anati matendawa ena amawasiyira kutopa kosatha, ndizipuma. Flora, mwana wanga, anakwatiwa ku Mzuzu. Ndimapuma ndekha.

Choipa n'choti ndinanenepa. Munthu wongogona amanenepa. Ndiye odutsa akandiona pakhonde amati, "Amake Flora, mwawalatu."

Kuno kwa Malemia maliro akagwa, mayi aliyense amapita ndi nkhuni ndi ufa, n'kukatunga madzi. Wojomba amamusunga mumtima, zake zikafika amamuyang'ana atapinda manja. Ine ndinajomba maliro anayi, ndipo mu Ogasiti tinkayenera kumanga chiliza pamanda a Tobias.

Tsiku lina kunabwera Agatha, amene amatsogolera amayi pamaliro. Anakhala kumapeto kwa mkeka ngati mlendo.

"Amake Flora, amayi andituma. Akuti pachiliza mudzaphika nokha, madzi mudzatunga nokha."

"Ndikudwala."

"Akuti Loweruka Eliza anakuonani pamsika wa Songani mukugula matemba."

"Nanga Lolemba Eliza anandiona kuti?"

Anayang'ana kumbali.

"Agatha, iwe ndi ine tinkakhalira njerwa imodzi kupulayimale. Lero ukunditi inu?"

"Ndabwera m'dzina la gulu."

"Gululo likauze kuti lili ndi maso a nkhuku."

Sanaseke. Ananyamula nsapato zake n'kumapita.

Patatha sabata ziwiri anamwalira a Yoswa, nkhalamba ya kutsidya kwa mtsinje wa Domasi. Anaika Lachiwiri. Ndinamanga chitenje, ndinanyamula nkhuni zitatu, ndinapita. Ndinatunga ndowa zitatu pamjigo, pamutu, aliyense akuona. Ndinamva Eliza akuuza mnzake kuti, "Si awo, akuthamanga ngati namwali."

Pochoka ndinamugwira Agatha pamkono.

"Wandiona lero. Udzabwere mkuja. Usadzaodire, udzangolowa."

Lachitatu ndinakwawa mpaka pakhomo n'kuchotsa mpiringidzo, chifukwa ndinkadziwa kuti mawa lake sinditha.

Lachinayi anafika dzuwa litakwera. Ndinamva mapazi ake akuima pakhola, chifukwa mbuzi zinali zikulira m'katimo chiyambire dzulo lake. Kenako analowa. Ndinali pamphasa ndi chitenje chomwe chija cha kumaliro. Pambali panali chidebe chimene sindinathe kukataya. Ananditsegulira zenera, kuwala kunandibaya m'mutu, ndinati atseke. Mawu anatuluka ngati a mwana wa mphaka.

"Wadya?"

Ndinagwedeza chala.

Anabweretsa madzi m'kapu. Ndinaigwira, inandipulumuka, madzi anathira mphasa. Agatha anayang'ana kapuyo nthawi yaitali.

"Ndowa zitatu zija?"

"Ee."

"Nthawi zonse zimatere?"

"Zaka zitatu."

"Bwanji osanena?"

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamugenda ndi kapu yomweyo. Ndinanena kutchalitchi, ndinanena pamjigo, ndinanena kwa iye mwini pamkeka.

Anatsegulira mbuzi, anataya chidebe, anandiphikira phala n'kundimwetsa ndi supuni. Sanapepese. Inenso sindinathokoze.

Ndinadzuka Lolemba.

Maliro ena atagwa, Agatha anabwera m'mawa ndi mtolo wa udzu, ulusi ndi mpeni. Analunjika pampanda wa maluwa ofiira amene a Tobias anadzala kutsogolo kwa nyumba, n'kuyamba kudula osapempha.

"Iwe, maluwa a amuna angawo."

"Amuna ako angakane? Nkhata zoika pamanda ndi ntchito yako tsopano. Uzizipanga utakhala pompano. Ndawauza amayi."

"Avomera?"

"Ena. Eliza akuti ndakudyera matemba."

"Zingati nkhatazo?"

"Zisanu."

"Zitatu. Yachinayi indigoneka."

"Zinayi."

"Agatha, ukufuna kudzatayanso chidebe?"

Ananyamula zitatu.

Chiliza tinamanga Loweruka lachiwiri la Ogasiti. Amayi anabwera, osati onse. Ndinawawerenga, ndipo amene sanabwere ndikuwadziwa. Ine anandiikira mpando pansi pa mtengo wa mango. Eliza anadutsa kanayi ndi ndowa pamutu osandiyang'ana, koma madziwo anathira mu dramu yanga. Amuna atamaliza kusalaza simenti, ndinayenda ndekha mpaka pamanda n'kuika nkhata imodzi, yaikulu, ya maluwa amene a Tobias anadzala okha. Flora anafuna kundigwira dzanja, ndinamukaniza.

Ndinkadziwa kuti thupi lindilanga. Lamulungu ndinachotsa mpiringidzo. Lolemba m'mawa ndinamva khola likutsegulidwa, ngakhale sindinamuitane munthu.