Malume Akupepuka

Ine sindine wamiseche, koma izi zokha ndinena. Malume anga ankaphunzitsa sayansi kusekondale mpaka anawachotsa ntchito chifukwa chokangana ndi buku. Eti buku limati dziko limakoka zinthu ndi mphamvu yosasintha. Iwo amati bodza lenileni. Amati pachiyambi, kulibe dzuwa kulibe nyenyezi, zonse zinali zothinana ngati zovala m'sutikesi ya amayi, chifukwa chokokacho chinali ndi mphamvu zoopsa. Kenako chinayamba kutopa, zinthu n'kumwazikana. Mpaka lero akuti chikutopabe.

Amagona kuchipinda chathu chakuseri. M'mawa uliwonse amakwera pa sikelo imene anagula kwa wogulitsa zitsulo zakale.

"Mphwanga, tabwera uwerenge."

Ndimawerenga. Sabata iliyonse kamuvi kamabwerera m'mbuyo.

"Waona? Dziko likundimasula."

"Malume, si dziko ayi. Simukudya! Mbale yanu mumapatsa galu, ndimakuonani."

"Chakudya chimasokoneza muyeso," amatero.

Mayi a khomo loyandikana ndi lathu, aja nkhani siziwadutsa, anauza aliyense kumpopi kuti malume anawalodza. Telala wa m'dera lathu anati ayi, ndi masamu anawalowa m'mutu. Ankaseka pochepetsa buluku lawo, koma malume atabweretsanso lomwelo kuti alichepetsenso, sanaseke. Amayi anabisa sikelo ija pansi pa bedi. Malume sanakalipe. Anangoti, "Palibe kanthu mlongo, pali njira ina yoyezera."

Loweruka masana ndinakwera padenga kukaanula zovala. Nyumba yathu ndi yosanja, ukayang'ana pansi anthu amaoneka ngati nyerere. Ndinawapeza malume ataima pakakhoma ka m'mphepete, nsapato atavula, ataziika bwinobwino pambali.

"Wabwera nthawi yabwino," anatero akumwetulira. "Uone ngati nditsike msanga kapena pang'onopang'ono. Ukawauze onse, pajatu iwe pakamwa sutseka."

Ndinataya beseni n'kugwira lamba wawo. Ndinakoka, iwo n'kupendekera kwa ine mosavuta, ngati ndakoka shati pachingwe. Munthu wamkulu sapepuka choncho.

"Wamva wekha," ananong'ona. "Ndisiye tsopano."

"Amayi!" ndinakuwa. "Amayiii!"

Pansi pamenepo wina anali atatsegula wailesi mokweza. Malume anayamba kumasula lamba uja, bowo limodzi limodzi, osafulumira.