Mizinga Inayi pa Mlatho

Chiwagwireni sitiroko, a Dalaivala ankangokhala pampando wa pazenera. Anayendetsa mabasi zaka makumi atatu, koma tsopano dzanja lamanja linkakanika ngakhale kugwira supuni. Namwino wa mafizo anauza mwana wawo wamkazi kuti zalazo zizigwira ntchito tsiku lililonse, apo ayi ziuma. Mwanayo anawaikira pa tabuleti gemu ya nkhondo yamakedzana, yoyendetsa asilikali ndi chala.

Masabata atatu anatha akugonja pamalo amodzimodzi. Akasinja awo akangowoloka mtsinje, ndege za adani zinkaphwanya mlatho kumbuyo. Mafuta osafika, akasinja n'kungoti njo ngati miyala.

Alamu awo atabwera kudzawazonda anaseka. "Alamu, vuto lanu ndi mantha. Timizinga towombera ndegeto n'totayitsa nthawi. Unjikani akasinja okhaokha, mulowe ndi mphamvu!"

A Dalaivala anamvera. Ndege zinawamaliza tiyi asanazizire n'komwe. Anakankhira tabuleti pansi pa mpando, ndipo masiku asanu sanaikhudze. Zala zinayamba kupindikira m'kati.

"Bambo, yesaniko pang'ono," anatero mwana wawo.

"Ndatopa, mwanawe. Ndisiye."

Nayenso anali atatopa: m'mawa kuwasambitsa, masana kuntchito, pobwera kuchapa. Mawu onyengerera anamuthera. Loweruka anakagogoda kwa mayi woyandikana nawo nyumba, mphunzitsi wa mbiri yakale wopuma ntchito, amene ankaidziwa gemuyo.

Aphunzitsiwo anakoka mpando n'kuyang'ana mapu a nkhondoyo. "Mizinga yowombera ndege ili kuti?"

"Alamu anati njachabe."

"Alamu anuwo anasewerapo?"

A Dalaivala anapukusa mutu.

"Ndege sizilimbana ndi akasinja, zimafuna chimene chikuwadyetsa," anatero aphunzitsi. "Ikani mizinga iwiri tsidya lino, iwiri tsidya linalo. Italikirane pang'ono kuti bomba limodzi lisaimalize yonse, koma moto wake uzikumana pamwamba pa mlatho. Ndege zikafika musaisunthe. Mzinga woyenda suwombera."

A Dalaivala anakoka mzinga woyamba. Chala chinaterereka, mzinga n'kubwerera pomwe unali. Anayesa kachiwiri, kachitatu.

"Ndiikireni inu, mayi."

Aphunzitsi anapinda manja. "Dzanja lodwala si langa, bambo. Sindikuthamangira kulikonse."

Mizinga inayi inawatengera theka la ola. Malaya ananyowa ndi thukuta. Kenako ndege zinatulukira, zisanu ndi imodzi. Ziwiri zinagwera mumtsinje, zina zinataya mabomba patali n'kubwerera. Mlatho unatsala chilili, magalimoto a mafuta n'kuwoloka.

Nkhondoyo sanapambane tsikulo. Adani anawazungulira kutsogolo. A Dalaivala anatsamira mpando, maso ali tseke, akupuma ngati akwera phiri.

"Mayi," anatero osatsegula maso, "mawa mudzandionetse zoteteza nkhokwe ya mafuta."

Mwana wawo anamva ali kukhitchini. Anasiya mbale m'madzi, anakhala pansi n'kutsamira khoma, ndipo analira mosatulutsa mawu.

Phunziro: Musanamvere malangizo, funsani ngati mwiniwakeyo anaigwirapo ntchitoyo. Ndipo wodwala amene akuchira musamulande ntchito imene dzanja lake liyenera kuphunziranso. Khalani pambali pake, mumudikire.