Tsiku Limene Ousseynou Anadzafunsira Puri

Ousseynou anabwera ku Malabo, mzinda woyankhula Chisipanishi, kuchokera ku Senegal ndi makina osokera basi. Chisipanishi anachitola pamsika, ndiye chinali chongolamula: khala, yesa, bwera mawa. Mayi wina wa kubanki amene ankasoketsa madiresi kwa iye anatopa nazo.

"Iwe telala, umayankhula ngati msilikali. Tenga mneni wathunthu, uwonjezere -ía kumapeto. Gustar, kukonda; gustaría, ndingakonde. Anthu amva kuti uli ndi ulemu."

Ousseynou anazigwira, n'kuyamba kuika -ía paliponse.

Nthawi imeneyo anali pachibwenzi ndi msuweni wanga Puri, wogulitsa nsomba zowamba. Tsiku lodzaonekera kwathu ku Rebola anavala mkanjo woyera, zakumwa atadzaza m'takisi. Amalume athu a Eulogio anamukhazika pakhonde, abale tonse titazungulira.

"Nenani chimene mwadzera, bambo," anatero amalume.

Ousseynou anaimirira. "Me casaría con Puri. Trabajaría. La cuidaría."

Iye ankati akulonjeza mwaulemu kuti adzamukwatira, adzagwira ntchito, adzamusamala. Ife tinamva zina: ndikanamukwatira, ndikanagwira ntchito, ndikanamusamala.

Amalume anaika tambula pansi. "Mukanamukwatira pakanapanda chiyani?"

Amalume anapitiriza.

"Muli ndi mkazi kwanu? Kapena mwana wathuyu mwamupeza ndi vuto? Mwalipira takisi kuti mudzatiuze kuti simukufuna?"

"Ayi, ayi! Me casaría!" anabwereza mokweza, thukuta lili kamukamu.

Azakhali anayamba kulozera anyamata kuti abweze zakumwa zija m'galimoto. Apo Puri, amene samayenera n'komwe kuoneka, anatuluka kukhitchini mpeni wosendera koko uli m'manja.

"Pepani amalume, munthuyu sakudziwa chimene akunena." Anatembenukira kwa iye. "Ousse, ukundifuna kapena ayi?"

"Ndikukufuna!"

"Ndiye chotsa kamchirako. Nena casaré, ndiye kuti ndidzamukwatira."

"Me casaré."

"Nanga ntchito?" anafunsa amalume, nkhope isanamasuke.

Ousseynou anaganiza kaye. "Trabajaré."

"Kusamala?"

"La cuidaré."

Azakhali ndi amene anayamba kuseka, mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Amalume anati mlendo akhale pansi, Puri abwerere kumoto nsomba zisanapserere.

Ukwati unachitika mu Januwale, nthawi imene kuno mvula imakhala itadula. Pano amakhala ku Ela Nguema, kuseri kwa shopu yake yosokera, ndipo ali ndi ana aakazi awiri.