Madzi Oyera a M'ngalande

Anthu a masiku ano sachedwa kuombera m'manja chinthu chimene auzidwa kuti chimadziyeretsa chokha, koma safunsa kuti litsiro lake akulilandira ndani. Pa msewu uwu wolandirayo anali mayi wa mbande.

Mayiyu ankagulitsa mbande za maluwa ndi za mitengo m'mphepete mwa msewu, kumunsi kwa nyumba yosanja imene inkamangidwa. Madzi othirira ankatunga m'ngalande yodutsa kuseri kwa machubu ake a mbande. M'ngalandemo munkakhala mbululu, ndipo iye ankati madzi amene mbululu zavomera, mbande sizingawakane.

Mkulu wa amisiri omata matailosi kunja kwa makoma a nyumbayo anali mchimwene wake, bere limodzi. Tsiku loyamba anatsika ndi chidutswa cha tailosi m'manja kudzanyadira.

"Chemwali, awa si matailosi wamba. Pamwambapa anapakapo tinthu ting'onoting'ono toti diso silingaone. Dzuwa likawomba litsiro limafooka, mvula ikagwa limatsetsereka lokha."

"Akanakupakani inuyo, achimwene, bwenzi alamu atapuma kuchapa ovololo."

Anaseka onse awiri. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amisiri a matailosi ali ndi chizolowezi chawo. Podula amathira madzi pa mpeni wa makina kuti fumbi lisawalowe m'chifuwa, ndipo poweruka amakhuthulira madziwo, oyera ngati mkaka, m'ngalande yapafupi. Zifuwa zawo amazisamala ndithu. Za okhala kumunsi saziganiza.

Posapita nthawi mayi uja anaona kheni yake yothirira itachita zoyera pansi. Dothi la m'machubu linauma chikhakha pamwamba, madzi n'kumangoyandama osalowa. Mbande za mandimu zinayamba kupinda masamba. M'mawa wina anasuzumira m'ngalande, osaonamo mbululu ngakhale imodzi.

Anakwera mtunda n'kupeza mchimwene wake atawerama pa makina.

"Achimwene, madzi anu akundiphera mbande."

"Aa, chemwali, ndi dothi lowotcha chabe limeneli. Kodi dothi linaphapo mtengo?"

"Nanga tinthu tanu tosaoneka tija? Mukamadula timapita kuti?"

Mmisiriyo anakanda kumutu. "Zimenezo afunseni opanga."

"Opanga satunga m'ngalande muno. Ndimatunga ndine."

Kapitawo wa ntchitoyo, mwamuna wachipewa choyera, anali atamva zonse. Anayandikira akumwetulira ngati wolankhula ndi mwana.

"Mayi, muli ndi umboni woti ndi matailosi athu? Mwina ndi tizilombo, mwina mbewu zanu n'zachabe."

"Umboni ndilibe, bambo. Nanga inu muli ndi umboni woti si matailosi anu?"

"Ifenso tilibe."

"Ndiye ngati tonse sitikudziwa, n'chifukwa chiyani zoyeserazo zikuchitikira pa mbande zanga, osati pabwalo panu?"

"Madzi amatsika, mayi. Sindinalenge mtunda ndine," anatero kapitawoyo, n'kutembenuka.

Mayiyo anayang'ana mchimwene wake, koma iye anayatsa makina kuti phokoso limuyankhire. Pamenepo m'pamene panamupweteka kwambiri. Wokana akanakhala mlendo yekha, bwenzi atadziwa pomugwira; koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Komabe munthu woponderezedwa asamayesedwe wopusa chifukwa chakuti wabwerera ali chete. M'mawa mwake mayiyo anadzaza matumba ndi dothi lomwe anasungira mbande, n'kuwakankha pa wilibala mpaka pamene ngalande imatulukira pansi pa mpanda wa nyumbayo. Anawasanja pakamwa pa ngalandeyo, anawapondaponda, n'kukhala pamwamba pake atapinda manja.

Masana amisiri anakhuthula madzi awo monga mwa nthawi zonse. Madziwo anafika pampanda, anasowa njira, anabwerera. Anayamba kusefukira pabwalo, kuzungulira milu ya simenti, mpaka kukanyambita masitepe a pakhomo lalikulu amene anali atangomatidwa matailosi kumene.

Kapitawo anatuluka akuthamanga, nsapato zili mbuu.

"Mayi inu, mwapenga? Chotsani matumbawo msanga!"

"Mwaopa chiyani, bambo? Si dothi lowotcha chabe?"

"Mukuwononga masitepe!"

"Masitepe ati? Aja odziyeretsa okha? Asiyeni adziyeretse, tione nawo."

Amisiri amene anali pansanja anaphulika kuseka. Mmodzi anakuwa kuti, "Abwana, lero mtunda watembenuka!"

"Ndikuitanirani apolisi," anatero kapitawo.

"Aitaneni. Adzapeza mayi atakhala pa dothi lake, ndi madzi anu ali pabwalo panu. Chilichonse chili kwa mwini wake."

Kapitawoyo anatembenukira mmisiri uja. "Mlongo wakoyu umuchotse wekha, apo ayi mawa usabwere."

Mmisiri anatsika pang'onopang'ono, naima pamaso pa mlongo wake. Analankhula motsitsa mawu.

"Chemwali, ukufuna ana anga adye chiyani?"

"Chomwe adye anga, achimwene. Ngati mukundinyamula, ndinyamuleni, koma kamwa langa simulitseka ndi simenti."

Anayang'anizana. Kenaka mwamunayo anayang'ana kumunsi, kumene mizere ya machubu inali itafota padzuwa. Sanamukhudze. Anapita kuseri kwa nyumba, nabwera akugubuduza mgolo wopanda kanthu, nauimika pafupi ndi makina.

"Kuyambira lero madzi odulira azithiridwa umu," anauza anzake. "Matope akakhazikika tiziwaumitsa, azichoka ndi zinyalala za ntchito. Abwana, ngati mukundichotsa, mupeze wina womaliza khomali."

Kapitawo anayang'ana khoma lomatidwa theka, nalowa m'kati.

Mayi wa mbande sanachoke pa matumba ake mpaka ataona ndowa yoyamba ikukhuthulidwa mu mgolo. Atatero anatsekula ngalandeyo, natenga thumba limodzi lokha. Enawo anawasanja pambali pa mpanda.

"Nanga awa bwanji osabwerera nawo?" anafunsa mchimwene wake.

Mayiyo anakweza maso kuyang'ana khoma lonyezimira lija, lalitali mpaka kumwamba.

"Munanena nokha kuti mvula ikagwa zonse zimatsetsereka. Mvula sinagwe, achimwene. Matumba akhale pompano."