Rozi Woyera wa Nasra

Kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti amange ndowa, ukwati wachisilamu, Nasra anati ukwati sakuufunanso. Ananena uku akutembenuza matemba pathandala, osadzutsa n'komwe mutu.

Mayi ake, Rukia, anatula dengu pansi.

"Bwereza."

"Ndati za Sharifu ndazisiya, amayi."

"Wakumenya? Amamwa?"

"Ayi. Ndinapita kwa a Elenala. Watuluka rozi woyera."

Mwana anangonena zomwezo n'kulowa m'nyumba. Rukia anatsala panja ndi dzinalo. Rozi. Woyeranso. Elenala ankamudziwa, mayi wachilomwe amene anakhala zaka zisanu ku Joni akuchapira azungu, n'kubwerako ndi timakadi timene atsikana a pa Kachulu ankakafunsako zawo mobisa. Zoombeza Rukia sankazifuna, ashehe amaletsa. Koma ngati makadiwo atchula munthu, dzina ndi khungu lomwe, ndiye kuti munthuyo alipo, ndipo ali ndi kwawo.

Kukwiya anakwiya pang'ono, koma chachikulu ankafuna kumuona. Nasra wake ndi wakuda bwino, amadziwa kuwamba mlamba osapsereza. Nanga Roziyo ali ndi chiyani? Kuyerako n'kobadwa nako kapena n'kwa mafuta a m'botolo?

Anatsikira kudoko. Boti la ku chilumba cha Chisi, kwawo kwa Sharifu, linali likutsitsa anthu.

"Inu abambo a boti, kwanu kuja kuli Rozi?"

"Rozi wanji, amake Nasra?"

"Woyera."

Woyendetsa boti anakanda mutu. Anati Rozi amene amamudziwa ndi gogo wogulitsa nkhuni, wakuda bii, mano awiri. Amayi ogula nsomba nawonso anapukusa mitu. Wina anati mwina ndi wa ku Zomba, kumeneko aliyense ndi woyera masiku ano. Dzuwa linafika pamutu Rukia asanapeze ngakhale mbale wake wa Rozi. Anamanga nsalu bwinobwino, ulendo kwa Elenala.

Anamupeza pakhonde akusankha mpunga.

"Ndipatseni Rozi."

"Takhalani kaye pansi, amake Nasra."

"Sindikhala. Ndi mwana wa ndani?"

Elenala anamuyang'ana, kenako anaseka mpaka lichero linapendekeka. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabokosi. Anafufuzamo kadi imodzi, nayiika pamkeka.

"Ndi ameneyo mkazi mnzake wa Nasra."

Linali duwa. Loyera, lopindanapindana ngati kabichi wamng'ono, tsinde lake la minga. Rukia anakhala pansi osauzidwanso. Anaitembenuza kadiyo, mwina munthuyo ali kuseri.

"Limeneli ndiye rozi? Amadya?"

"Sadya."

"Limabala chiyani?"

"Silibala chogulitsa. Amangopatsana. Mtundu wake ndiwo umalankhula." Elenala anayala makadi ena. "Wofiirayu ndi chikondi. Wachikasu ndi chinzake chabe, munthu wocheza naye. Wapinkiyu ndi kuthokoza. Uyu wosatsegukayu ndi chinthu chimene nthawi yake sinakwane."

Rukia anaweramira pafupi. Duwa la dzungu ankalidziwa, ukaliona umadziwa kuti dzungu likubwera. Koma duwa lonena mawu anali asanalimvepo.

"Anagwirizana ndani kuti wachikasu ndi chinzake? Panali msonkhano?"

"Zinalembedwa m'kabuku aka. Abwana anga anandipatsa pamodzi ndi makadiwa."

"Nanga mingayi ikuti chiyani?"

"Akuti chokoma chili ndi pobaya pake."

"Zimenezo ndiye mlamba unatiuza kale." Analoza woyera uja ndi chala. "Uyu?"

Elenala anatsegula kabuku, nawerenga ndi milomo kaye, kenako n'kumasulira. "Kuyera mtima. Kuyamba zatsopano. Komanso kutsanzikana. Ku Joni kuja mkwatibwi amanyamula ameneyu, pamaliro amaikanso yemweyu."

"Duwa limodzi, mitengo itatu? Ine ndikati mulu uwu ndi wakuti, ndi wakuti basi. Mwana wanga munamugulitsa uti?"

"Ndinamuwerengera zonse. Anatola yekha kutsanzikana."

"Bwezani, mumupatse cha mkwatibwicho."

"Si matemba awa, amake Nasra, sitisinthitsa."

Zinthu zitatu pamkeka, ziwiri zabwino, mwana n'kutola choipacho. Rukia zaka zonsezi akugulitsa nsomba pamsika anali asanaone wogula wotero, pokhapokha ngati anabwera atachifuna kale kuchokera kunyumba.

"Makadiwa amangolankhula okha, kapena munthu amayamba wafunsa?"

"Amafunsa, kenako n'kusolola imodzi."

"Anafunsa kuti chiyani? Ngati Sharifu amamukonda?"

Elenala anayamba kusonkhanitsa makadi. "Za anthu sindiulula."

"Ndinamubereka ndine."

"Za Sharifu sanafunse n'komwe," Elenala anatero motsitsa mawu. "Anafunsa ngati ku Chisi angakhaleko."

Apo m'pamene Rukia anamva. Kwawo mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi. Koma Sharifu anapempha kuti amutenge Nasra kuchilumba, poti maukonde ake ali kumeneko, ndipo Rukia ndi mlongo wake Ayuba, nkhoswe ya Nasra, anavomera tsiku lomwelo. Mwini wake sanamufunse. Mwana woti chibadwire sanagoneko kutsidya kwa madzi.

Rukia anadzuka, nakung'untha nsalu.

"Kadiyi ndibwerekeni."

"Ikachoka imodzi enawa sagwira ntchito."

"Ndiye isungeni. Ndaliloweza."

Kunyumba anapeza Nasra atabwerera pathandala, maso otupa. Rukia anaima mbali inayo n'kuyamba kutembenuza nawo nsomba.

"Rozi wako ndamuona. Ndamufunafuna padoko ponse ngati munthu. Mawa a boti akhala akundiseka."

Nasra anafuna kuseka, koma anadzigwira.

"Tandiuza chimodzi, usandizungulitse. Chimene ukukana ndi mwamunayo kapena madziwo?"

Mwana anatembenuza matemba atatu asanayankhe.

"Madziwo, amayi. Ndikadwala kumeneko ndidzaitana ndani?"

"Ndiye pakamwa unasiya kuti? Mpaka duwa la ku Joni likunenere?"

"Munali mutavomera kale ndi amalume."

"Mtengo umavomerezedwa, n'kukambidwanso." Rukia anapukuta manja. "Kuseri kwa nyumbaku malo alipo. Sharifu ali ndi bwato, azipalasa yekha popita ku maukonde akewo. Akavomera kumanga kuno, ndowa ilipo?"

"Ilipo."

"Akakana?"

Nasra anayang'ana mayi ake m'maso. "Akakana, ndiye ayi."

"Chabwino. Nsombazi usazisiye, akhwangwala ayamba."

Rukia anatenga mpango wake, nalowera njira ya kwa Ayuba.