Tchuthi cha Bambo Akuti

Kukhoti ankawatchula kuti Bambo Akuti. Dzinali linachokera pantchito yawo yomasulira. Mboni ikalankhula m'chilankhulo chakwawo, iwo ankatembenukira kwa woweruza n'kubwereza mawuwo m'chilankhulo cha khoti. Woweruza akafunsa funso, ankatembenukiranso kwa mboni n'kuyamba kuti, "Akuti..." Zinali choncho m'mawa mpaka madzulo, chaka ndi chaka, mpaka apolisi apageti, amayi ogulitsa zipatso kunja kwa mpanda, ngakhale akuba ozolowera kubwerabwera, onse anaiwala dzina lawo lenileni.

Malo awo anali pakati, m'munsi mwa tebulo lalitali la woweruza, pafupi ndi kabokosi koimamo mboni. Mpando unalipo koma sankaukhalira kawirikawiri. Kudenga kunkazungulira fani yongolira, yosabweretsa mphepo.

Atangoyamba ntchitoyi, nkhani za anthu zinkawatsatira mpaka kunyumba. Ankakankha mbale ya chakudya, n'kukakhala pakhonde ali duu. Kenako zinaleka. Tsiku lomwe zinalekera sanalidziwe. Anangozindikira kuti tsopano atha kumasulira za munthu wokhapidwa ndi chikwanje uku akuganiza ngati nsapato apite nazo kwa wosoka lero kapena mawa.

Tsiku lina m'kabokosi muja munaima mayi wina wamng'ono thupi. Mwana wake anagundidwa ndi lole pageti la sukulu, ndipo dalaivala wa loleyo ndi amene ankaimbidwa mlandu. Mayiyo anafotokoza pang'onopang'ono, akuyang'ana manja ake. Anati atafika pamsewu anapeza anthu ataphimba kale mwanayo ndi nsalu. Anati nkhope sanamulole kuiona, koma anazindikira juzi, chifukwa analuka yekha, ndipo ulusi unamuthera panjira moti mkono umodzi anamalizira ndi mtundu wina.

Bambo Akuti anamasulira zonse, osasiyapo liwu. Woweruza, mayi wachikulire wosachedwa kukalipa, anavula magalasi n'kunena kuti khoti lipume kaye. Woimira boma anatuluka akupukuta mphuno. Bambo Akuti anatsala ataima pamalo pawo, akukonza taye.

Mayi uja potsika anawagwira jekete.

"Bambo, mwawauza zonse? Za juzi mwawauza?"

"Ndawauza, mayi."

"Nanga bwanji mumanena ngati mukuitana mayina pamzere wakuchipatala?"

Bambo Akuti anamuyang'ana. Anadikira kuti mawuwo awalase penapake. Sanawalase. Anapita kukamwa tiyi.

Atafika kunyumba madzulo amenewo dzuwa lisanalowe, makina osokera a akazi awo anali chete, chinthu chosachitikachitika. Akaziwo anali telala, ankasoka mayunifolomu a ana asukulu m'chipinda chakutsogolo. Anawapeza pabalaza atakhala ndi mwana wawo wamkazi, wa kusekondale, mkono uli m'chikhakha choyera.

"Njinga yamoto," anatero akazi awo. "Pobwera kusukulu. Ndakuimbirani foni mpaka kutopa."

"M'khoti timazimitsa." Anaika chikwama pansi n'kuyang'ana mwanayo. "Inali nthawi yanji? Iwe unali mbali iti ya msewu? Alipo anaona?"

"Ababa, ine sindine mboni."

"Abambo ake," akazi awo analankhula motsitsa mawu, "mwana wathyoka mkono. Mgwireniko ngakhale pamutu."

Anamugwira pamutu. Tsitsi linali lofunda, lolukidwa bwino. Ankadziwa kuti uyu ndi mwana wawo, yemwe anamunyamula tsiku lobadwa. Ankadziwa monga mmene munthu amadziwira nambala ya nyumba yake. Atachotsa dzanja, mwanayo anadzuka n'kupita kuchipinda.

Kukhitchini akazi awo anatsuka kapu imodzi kwa nthawi yaitali.

"Ine ndinakwatiwa ndi munthu," anatero osacheuka, "koma ndikukhala ndi wailesi. Bola wailesi, nthawi zina imaikako nyimbo."

Sabata yotsatira Bambo Akuti anapempha tchuthi chomwe chinaunjikana, ndipo anawapatsa monyinyirika.

Masiku oyamba ankangoyenda. Anayamba kufunsa anthu za ntchito zawo, ngati munthu wofunsa mitengo ya zinthu zomwe sagula. Dalaivala wa minibasi anati msana unatha kale, ndipo akamva wisulo ngakhale ya mpira mtima umadumpha. Mphunzitsi woyandikana nawo nyumba anati iye akaweruka safuna kumva liwu la mwana, ngakhale wake yemwe. Mlonda wa kubanki anangoseka n'kuloza mapazi otupa. Aliyense ankamalizira pamodzimodzi: "Inu ndiye muli pabwino, bambo. Taye pakhosi, pamthunzi, kumangolankhula."

Anapitanso kuchipatala kukaona mlongo wawo wamkulu, namwino wa kuwodi ya ana. Anawapeza pakhonde lakuseri akudya buledi chiimire, nsapato imodzi atavula.

"Mukufuna kusiya ntchito chifukwa cha nkhani, achimwene? Inu mumangomva. Ife timawanyamula m'manja."

"Nanga mumatha bwanji?"

"Kuli kachipinda kosungira zofunda. Ndimalowa, ndimatseka, ndimalira, ndimasamba kumaso, ndimatuluka. Tonse timatero, timachita kudikirana pakhomo ngati kuchimbudzi." Anaseka, n'kupukuta nyenyeswa pa yunifolomu. "Tsiku lomwe ndidzalowemo misozi osabwera, ndidzavula chipewachi."

"Ine inasiya kalekale."

Achemwali awo anasiya kutafuna. Anawayang'ana mmene amayang'anira mwana yemwe thupi latentha kwambiri. Asananene kanthu wina anawaitana m'kati, ndipo analowa akuthamanga, akuvala nsapato panjira.

Amene anawapezera chochita anali akazi awo, mwina chifukwa chotopa kuwaona pakhonde. Mchimwene wa akaziwo anali kalipentala, ndipo anali ndi shedi ya malata kuseri kwa msika wa zitsulo. Anali munthu wamimba yaikulu, waphokoso, wopanda zala ziwiri kudzanja lamanzere.

"Makinawa anatenga chakhumi chawo," anatero akuwaonetsa dzanjalo, "kenako anabweranso kudzatenga cha chaka chinacho. Alamu, manja osalalawa mukufuna kuwapha chifukwa chiyani?"

"Ndingoyesako."

"Yesani. Koma jeketeyo kolekani uko, kuno kulibe woweruza."

Anawapatsa ovolosi yonunkha guluu, sandipepa ndi mulu wa zitseko zoti asalalitse. Bambo Akuti anayamba kukhula. Chitseko sichinkalankhula. Chinalibe mwana, chinalibe mdani, sichinkafuna kuti wina achinenere. Ankakhula mpaka utuchi kuyera m'nsidze, n'kupititsa chikhatho pamwamba kuti amve ngati patsala pokhakhala. Pofika masana manja anali matuza okhaokha. Mawa lake msana unakana kuwongoka, moti anavala nsapato atakhala pansi ngati nkhalamba. Sikuti anasangalala. Koma m'mutu munali zii, ngati m'kalasi ana ataweruka, ndipo anapitanso.

Alamu awo anawaphunzitsa kugwira chopalira, kuyang'ana thabwa ndi diso limodzi kuti aone ngati lapindika, ndi kukhoma msomali osang'amba thabwa. Zambiri ankalakwitsa. Mpando woyamba womwe anathandiza kulumikiza unkagwedera.

"Uwu tikagulitse kubala," anatero alamu awo. "Kumeneko aliyense amaganiza kuti akugwedera ndi iyeyo."

Chakumapeto kwa tchuthi, galimoto yofiira inaima pakhomo pa shedi. Alamu awo atangoiona anaponya hamala pansi n'kuthawira kuseri kwa mulu wa matabwa, mimba ikuonekera.

"Alamu," ananong'ona, "mayi akubwerawa ndi a wadiropu. Inu ndinu odziwa kulankhula. Kawauzeni kuti yatha, koma vanishi sanaume."

Mayiwo analowa akukalipa asanapereke ndi moni. Anati zovala zawo zili m'makatoni chisamukireni, anati anamizidwa mokwanira, anati lero sachoka. Bambo Akuti anapukuta manja pa ovolosi n'kuima mowongoka, mapazi pamodzi. Thupi linadziwa lokha kaimidwe kake: wina kumbuyo, wina kutsogolo, iwo pakati.

"Akuti wadiropu yanu..."

Anaima. Mayiwo anadikira, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Wadiropu yanu sinayambidwe n'komwe, mayi. Matabwa ake ndi awa mwatsamirawa. Eni ake ali kuseri uko, mukuwaona mimba."

Zomwe zinatsatira zinamveka mpaka kwa owotcherera zitsulo. Alamu awo anatuluka akuseka kuseka kwamanyazi, anapepesa, analumbira, analoza kumwamba, anatchula tsiku. Galimoto itachoka alamu awo anakhala pa benchi. Kenako anatulutsa kabotolo m'thumba n'kumeza mbulu wa mankhwala wopanda madzi.

"Mwandivula pagulu, alamu."

"Pepani. Ndinatopa kunenera anthu."

"Mukuganiza kuti ine ndimakonda kubisala? Matabwa anabwera aawisi. Ndikapanga lero, mwezi wamawa zitseko zapindika, abweranso kudzanditukwana. Magetsi akazima makina aima. Awa ndi a kuthamanga kwa magazi, adokotala akuti ndizipuma. Ndipume pati?" Anabweza kabotolo m'thumba. "Ngati mukufuna ntchito yopanda moto, kuno mwasochera."

"Ndaona."

"Ndiye?"

"Moto wake ndi wina."

Alamu awo anawayang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. "Tengani matabwa awo muwayanike padzuwa. Mwandilonjezetsa ndinu."

Tsiku lobwerera kuntchito linafika. Akazi awo anasita malaya oyera. Bambo Akuti anavala, anamanga taye, anatenga chikwama n'kupita pamalo okwerera basi. Minibasi inabwera, kondakitala anawakodola, iwo anapukusa mutu. Inabwera ina yopanda anthu ambiri, inapitanso. Sankaganiza chilichonse chachikulu. Ankangoyang'ana matayala akuima ndi kunyamuka. Dzuwa litakwera, foni inalira. Anali mkulu wa makalaliki.

"Bambo Akuti, muli kuti? Khoti ladzaza, mboni zikudikira."

"Sindibwera, bwana."

"Mwadwala?"

"Kaya. Koma sindibwera. Ndidzabwera tsiku lina kudzatsanzika bwinobwino."

"Mwapenga? Zaka zonsezi, mwatsala pang'ono kupuma mwaulemu. Ndiye ife timpeza kuti wina?"

"Alipo ambiri odziwa zilankhulo, bwana."

Anadula foni. Anadikira mantha, kapena mpumulo. Panalibe chomwe chinabwera. Anangomva njala pang'ono. Anawoloka msewu n'kuyenda wapansi mpaka kushedi. Alamu awo atawaona ndi taye anangowaponyera ovolosi.

Nkhani inafika kunyumba iwo asanafike, chifukwa akuntchito anaimbira akazi awo. Masana akaziwo anatulukira pakhomo pa shedi, tepi yoyezera idakali m'khosi, ulusi utamatirira pasiketi. Alamu awo anakumbukira mwadzidzidzi kuti misomali yatha, n'kutuluka.

Anaima akuyang'ana amuna awo: ovolosi yothina m'mapewa, nsapato zakuofesi zoyera ndi utuchi, malaya omwe anasita m'mawa atakolekedwa pamsomali.

"Osandiuza ine, abambo ake? Ndichite kumva kwa anthu?"

"Nanenso sindimadziwa mpaka basi itapita."

"Mwana ali pasukulu. Nyumba ndi ya eni ake. Makina anga aja paokha sangatinyamule tonse."

"Ndikudziwa."

"Ukalipentala wake simuudziwa n'komwe. Achimwene akuti mukakhoma msomali umatulukira kumbali."

"Akunena zoona."

"Ndiye mukumva bwanji? Mwasangalala?"

Bambo Akuti anaganiza kaye, chifukwa ankafuna kuyankha zoona.

"Ayi. Sindikumva kanthu. Msana wokha ndi umene ukuwawa."

Akazi awo anakhala pa benchi, anachotsa tepi m'khosi n'kuyamba kuikulunga pachala. Anaikulunga yonse, anaimasula, anaikulunganso. Panja wina ankadula chitsulo, phokoso likukwera ndi kutsika. Patapita nthawi anadzuka n'kukutumula siketi.

"Chitseko chakubafa chija sichitsekeka chilowereni m'nyumba muja," anatero. "Timachita kuimba nyimbo posamba kuti anthu adziwe kuti muli munthu. Poti tsopano ndinu akalipentala, pobwera mutenge zida."

"Ndibwereka kwa alamu."

"Mubwereke. Ndipo nsapatozo musazivalenso kuno, n'zokhazo zabwino."

Anatuluka. Bambo Akuti anatenga chopalira, anatsinzina diso limodzi kuyang'ana thabwa, n'kupitiriza pomwe anasiyira.