Mwambo wa Gideon Mphande ku Chiputula

Gideon Mphande, msilikali wa ndende, anamira mu mtsinje wa Lunyangwa m'mwezi wa Febuluwale 1976. Tsikulo anatenga akaidi kukadula mitengo kutsidya. Pobwerera anapeza mtsinje utadzaza, ndipo mkaidi wina dzina lake Yona anaterereka pa mtengo wowolokerapo. Gideon anaponya mfuti pansi n'kudumphiramo. Anamukankhira Yona kumtunda, koma iyeyo madzi anamutenga. Palibe mkaidi amene anathawa. Anatsata mtsinje mpaka anaupeza mtembo, n'kuunyamula kupita nawo kundende pamodzi ndi mfutiyo.

Vuto linali Yona. Anali wa Mboni za Yehova, womangidwa chifukwa chokana khadi ya chipani.

M'mawa wa tsiku la mwambo wa maliro, kunyumba ya malemu ku Chiputula, wapampando wa chipani a Longwe anakokera pambali a Kalilani, mkulu wa ndende. Marjorie, mkazi wa malemu, anali atakhala pamphasa pafupi ndi zenera ndipo anamva zonse.

"Mukanene kuti wafa akuthamangitsa mkaidi wothawa," anatero a Longwe. "Msilikali wa boma sangafere Mboni."

"Ndikanena zimenezo, munthuyo sadzatulukanso wamoyo," anayankha a Kalilani.

"Ana anu ali kusukulu, bwana. Ganizani bwino."

Marjorie sanauze aliyense. Mwa azimayi amene anamuzungulira sankadziwa amene angapereke lipoti.

Masana lole yopita ndi maliro ku Chintheche inafika. Asilikali anandanda pabwalo, ndipo akaidi ovala foya yoyera anatulutsa bokosi. Yona anagwira kumutu, nkhope yotupa ndi kulira. Anyamata a chipani anaima kumpanda, manja atapinda.

A Kalilani anavula chipewa. Anathokoza boma monga mwa mwambo, anatchula mudzi wa malemu ndi zaka zimene anagwira ntchito, koma sanatchule mmene anafera. A Longwe anatsokomola.

Marjorie anadzuka. Azimayi anamukoka chitenje koma anapitirira mpaka pabokosi, n'kuima pafupi ndi Yona.

"Bwana," anatero motsitsa mawu, "ana ake ali pano. Auzeni mmene bambo awo afera."

A Kalilani anayang'ana ana aja.

"Boma likatipatsa munthu, limati timusunge," anatero. "Mphande anapatsidwa anthu, mmodzi anagwera m'madzi, iye anakamutenga. Palibe amene ankathawa. Wafera pa ntchito yake."

Anavala chipewa n'kuchitira bokosilo sawasha, asilikali onse n'kutsatira. A Longwe anachoka pemphero lisanathe, anyamata awo ali pambuyo.

"Yewo chomene, adada," anatero Marjorie m'Chitumbuka, kuthokoza a Kalilani. Yona anafuna kulankhula, koma msilikali anamugwira paphewa kuti akweze bokosi, ndipo lole inanyamuka.

Mwezi usanathe, a Kalilani anawatsitsa udindo n'kuwatumiza kundende ina kummwera. Marjorie anaitanidwa ku ofesi ya chipani, anakhala pabenchi tsiku lonse osafunsidwa kanthu, madzulo n'kuuzidwa kuti azipita. Yona anamaliza chilango chake n'kutuluka. Chaka chotsatira, mvula isanagwe, anafika ku Chiputula ndi mtolo wa udzu, n'kufolera khitchini ya Marjorie.